Chidede cha Ana a Fomu 2

Ndinataya mkazi wanga. Ndinataya wondidzutsa m'mawa pondikoka chala cha kuphazi. Ndinataya nyimbo zoimbidwa molakwitsa kubafa, fungo la mandimu m'manja mwake, ndi mbali ya kukhoma ya bedi, komwe mpaka lero sindigonako. Ndinataya wondiseka. Zina zonse zilipo: nyumba yalendi ku Old Town, ntchito, mipando, ndi botolo lopanda kanthu pamwamba pa kabati, lomwe munali chidede.

Tonse awiri tinali aphunzitsi a kemisitiri, ndipo tinadziwana ku koleji. Titamaliza, ine ndinapeza ntchito pa sukulu yolipira kufupi ndi Area 11, komwe kuli labu ya matailosi ndi timapepala ta litimasi m'mabokosi. Madzulo ndinkaphunzitsanso ana m'nyumba za mipanda ku Area 10. Iye anapita pa sekondale yoyendera kutsidya kwa mtsinje, komwe labu yonse inali kabati imodzi yokhoma, mkati muli fumbi. Ankanditchula kuti aphunzitsi a kumayadi.

"Aphunzitsi a kumayadi," ankatero ndikangovula nsapato, "lero mwawauza chiyani ana a mabwana? Kuti asidi amakhala m'botolo lolembedwa kuti asidi?"

"Nanga amakhala kuti, madamu?"

"Mu bwemba. M'malambe. M'mimba mwanumo mukachedwa kudya, n'chifukwa chake mumakwiya."

Phunziro lomwe ankalikonda kwambiri linali la Fomu 2, la asidi ndi besi. Chaka chilichonse mvula ikamatha tinkapita Loweruka ku Msika wa Lilongwe kukafuna chidede chachiwisi. Ankasankha chofiira kwambiri, n'kumachitembenuza m'manja mpaka wogulitsa kutopa. Kunyumba ankachiyanika pa lichero kuseri kwa khitchini. Chidulo ankapanga yekha, podontheza madzi m'phulusa la zitsononkho, monga amachitira amayi akafuna kuphika therere. Phulusalo ankapempha kwa eni nyumba yathu, mayi wachisilamu wachikulire, amene sanamvetse konse chifukwa chomwe munthu wa digiri ankafunira phulusa lawo.

Phunzirolo ankayamba kuliyesera pa ine, patebulo lodyera. Ankaviika chidede m'madzi otentha mpaka madziwo atafiira, n'kuwagawa m'mabotolo atatu odulidwa pakati. M'loyamba ankafinyiramo ndimu, ndipo kufiira kuja kunkawala. M'lachiwiri ankathiramo chidulo, madzi n'kusanduka obiriwira. Lachitatu ankalisiya momwemo kuti diso likhale ndi poyerekezera. Kenako ankatenga lobiriwira lija n'kumadonthezeramo ndimu pang'onopang'ono mpaka mtundu woyamba utabwerera.

"Asidi ndi wowawasa, besi ndi yoterera ngati sopo," ankatero. "Zikakumana zimathetsana mphamvu, chotsala ndi mchere ndi madzi. Chidede sichichita nawo ndewu, chimangonena amene wapambana. Mwamva, mwana wasukulu?"

"Ndinakhoza zimenezi kuposa inu ku koleji."

"Munakhoza kulemba. Funsani mafunso, musandichititse manyazi."

Tsiku lina ndinabwereka zida zakezo kuti ndikaonetse mtsikana wina yemwe ndinkamuphunzitsa ku Area 10. Pachipata alonda anatsegula chikwama changa. Anapezamo botolo la madzi a phulusa, masamba ofiira ouma m'kapepala, ndi mandimu awiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa mawu, "mankhwala a mayeso amenewa abwana akuwadziwa?"

Nditamufotokozera mkazi wanga, anaseka mpaka anakhala pansi pakhonde. Kwa mwezi wathunthu dzina langa linasintha, ndinali asing'anga a kumayadi.

Anamwalira Loweruka lina, mvula ili kumapeto. Chidede chinali chitauma kale pang'ono pa lichero, chidulo chili m'botolo, chosowa chinali mandimu okha, poti phunziro linali Lolemba. Anatuluka kupita kumsika. Ali pachipata anandiuza mawu, ine n'kuyankha kuti chabwino osadzutsa mutu, ndikupukuta nsapato. Mitambo itada ndinakaanula lichero lija. Ndinali ndikadali nalo m'manja pomwe eni nyumba analowa osaodira. Galimoto inali itamugunda mkazi wanga pafupi ndi mlatho. Sindilemba zambiri za tsiku limenelo.

Tinakamuika kumudzi kwao. Patapita nthawi azichemwali ake anabwera kudzatenga zovala, monga mwa mwambo. Anatenga zitenje, nsapato, ngakhale ambulera. Chidede palibe anachiganizira. Ndinachithira m'botolo lagalasi, n'kutseka, n'kuika pamwamba pa kabati. Chinali chinthu chomaliza chomwe manja ake anasankha chimodzichimodzi, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti sindidzachitsegula.

Teremu ili pakati, ahedi a sukulu yake anabwera kunyumba. Ndi mayi wamtali wosachedwa pa nkhani. Atapepesa, anati mphunzitsi wina sanatumizidwebe, mayeso akuyandikira, ndipo ana a Fomu 2 sanaphunzire za asidi ndi besi.

"Sitikukukakamizani, aphunzitsi. Mukakana timva. Koma ana aja angokhala."

Ndinavomera Loweruka limodzi. Ndinapempha bokosi la litimasi kuntchito kwanga, n'kunyamula ndi viniga ndi soda. Ndinaganiza kuti ndikalemba pabolodi, ndikaviika timapepala, ndikabwerako.

Kalasi inali yodzaza, ena atakhala atatuatatu pa desiki. Anaimirira n'kundipatsa moni, kenaka n'kukhala pansi. Ndinalemba mutu wa phunziro, ndinaviika kapepala mu viniga, kanafiira. Akumbuyo sanaone kanthu. Mtsikana wina wa mpango kumutu anakweza dzanja.

"Sala, madamu anati tidzagwiritsa ntchito chidede. Anati aliyense adzasintha mtundu yekha."

"Litimasi amachita zomwezo," ndinayankha.

"Anatiuza kuti tibwere ndi mabotolo."

Anawerama n'kutulutsa botolo lamadzi lodulidwa pakati. Mnzake anatulutsanso lake. Kenaka kalasi yonse inali phokoso la pulasitiki. Anali atawasunga pansi pa madesiki ndi m'zikwama kuyambira sabata ija ya maliro. Ena anali ataphwanyika m'mbali, ena atalembedwa mayina ndi cholembera.

Ndinatembenukira kubolodi n'kufufuta zomwe zinali zisanafunike kufufuta. Nditatha ndinawauza kuti ndibweranso Loweruka lotsatira.

Pobwerera ndinadzera kumsika. Chidede chouma chinalipo, milumilu pa thumba loyalidwa pansi. Wogulitsa anandifunsa kuti andipatse chochuluka bwanji. Ndikanagula, ana sakanadziwa kusiyana kwake, ndipo mtundu ukanasintha chimodzimodzi. Zimenezo ndimazidziwa bwino, ndi ntchito yanga. Ndinaima pamenepo mpaka mayiyo anayamba kuthandiza wina. Chomwe chinandiletsa ndi mawu a pachipata aja. Ndinali nditachita mbali yoyamba ya zomwe anandiuza, yotsalayo ndikuizemba. Ndinagula mandimu okha.

Loweruka lotsatira ndinatsitsa botolo lija. Nditatsegula, fungo lake linadzaza khitchini, ndipo ndinayamba ndakhala pansi. Ndinafuna kusiyako pang'ono, koma ana anali ambiri, ndipo madzi otuwa sasonyeza mtundu bwino. Ndinachiviika chonse. Eni nyumba anandipatsa phulusa latsopano osafunsa kanthu, anangoonjezera ndi chigubu chonyamulira.

M'kalasi ndinayenda mzere ndi mzere kuthira madzi ofiira m'mabotolo awo. Ndinawagawira mandimu odula ndi chidulo m'zitsekerero. Posakhalitsa mawu anayamba kutuluka uku ndi uku.

"Yanga yabiriwira."

"Iwe wathira chambiri, ukuyesa therere?"

"Sala, ndikathiranso ndimu ibwerera?"

"Yesa," ndinatero. "Pang'onopang'ono."

Inabwerera. Mtsikana wa mpango uja anakweza botolo lake kuwindo kuti aone bwino. Ndinawafunsa kuti chatsala m'madzimo n'chiyani, ndipo atakanganapo pang'ono anati mchere ndi madzi. Ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti chidede sichichita nawo ndewu, chimangonena amene wapambana. Ana anaseka. Sindinawauze mwini wake wa mawuwo, koma ndikhulupirira ankadziwa.

Titaweruka anakhuthulira madziwo m'maluwa a kutsogolo kwa kalasi. Ine ndinabwerera wapansi, kudutsa pa mlatho, zala zili zofiira mpaka m'zikhadabo. Kufiirako kunatenga masiku kuti kuchoke, ndipo sindinalimbane nako.

Botolo ndinalitsuka n'kulibwezera pamwamba pa kabati. Mvula ikamatha ndimapita kumsika kukasankha chidede chofiira kwambiri, ndipo ana a ku Area 11 nawonso tsopano amabwera ndi mabotolo odula. Ndikamayanika kuseri kwa khitchini ndimamuona mkazi wanga ataima pachipata monga tsiku lija, kachikwama kali paphewa, akuyang'ana kumwamba.

"Aphunzitsi a kumayadi, mvula ikayamba muanule chidede chija. Musachisunge ngati chanu, n'cha ana anga."