Bokosi Losatsegula

Chipeso chofiira. Mswachi. Mbali ya kukhoma ya bedi. Munthu wolankhula naye Chichewa m'nyumba. Mkazi wanga.

Chipeso ndi mswachi anatenga ndi apolisi. Anabwera awiri ku fulati yathu ku Thamesmead, kutsidya kwa nyanja kuno, patapita masiku angapo chichitikireni zija, anthu atadziphulitsa ndi mabomba m'sitima zapansi ndi m'basi. Wapolisi wamkazi anavala magolovesi, n'kuika chipesocho m'kajumbo, tsitsi lili momwemo. Anati akufuna kukafananitsa. Sindinafunse kuti akafananitsa ndi chiyani. Ndinawafunsa ngati amwe tiyi.

Mkazi wanga anali namwino. M'mawa umenewo ankapita kuntchito, pakati pa tauni. Ine ndinali m'laibulale ku koleji, foni nditazimitsa. Uthenga wake ndinaumva masana.

Apolisi atatsimikiza kuti mmodzi mwa omwalirawo ndi iye, anabwera a kumpingo kwathu ku Peckham. Sofa anaiimika m'kolido, amayi anakhala pansi ndi zitenje zawo, n'kumaimba chapansipansi kuopa aneba. Ine ntchito yanga inali kutsegula chitseko ndi kutseka.

Bokosi lopita kumudzi linali lomata kale, la chitsulo m'kati. Okonza maliro anandiuza mwaulemu kuti ndi bwino ndisamuone, ndipo lisakatsegulidwe. Ndinasaina.

Koma kwathu saika munthu anthu asanaone nkhope. Ndinkadziwa kuti funso limenelo likubwera, ndiponso amene adzalifunse.

Apongozi anga, mayi ake, anali asanandilankhulepo mwachindunji. Ndi ulemu wa kwawo ku Ntcheu. Ndikapita ankakhala chammbali, mawu awo n'kumadzera mwa mwana wawo. Tsopano podzera panalibe. Lachitatu masana mlamu wanga anaimba, ndipo ndinamva akupereka foni kwa apongoziwo.

“Bambo.”

“Ee, mayi.”

“Akuti bokosi tisadzatsegule.”

“Ndi choncho, mayi. Ndi lamulo la ndege.”

“Ndiye ine ndidzaika ndani? Ndidzalira matabwa?”

Ndinayang'ana pawindo. Panja basi yofiira inaima pasiteji, anthu anakwera bwinobwino, inanyamuka.

“Inuyo munamuona?”

“Ndinamuona.”

“Nkhope?”

“Ee. Anali ngati wagona. Tsitsi ndi lomwe lija analukitsa Loweruka.”

Mawu anatuluka osagwedera. Mayi wina wakumpingo amene ankatsuka makapu anaima, anandiyang'ana, n'kupitiriza kutsuka. Ankadziwa. Sananenepo kanthu, mpaka lero.

Kenako apongozi anati, “Chabwino. Maso anu ndi anga. Nanga anasiya mawu anji?”

Ndikanatha kupeka enanso. Ndikanati anatchula iwo, kapena anapemphera. Ndinali nditayamba kale kuwakonza m'mutu. Koma ndinaona kuti ndikapeka kachiwiri, m'bokosimo simutsala chilichonse cha mwana wawo.

“Dikirani, mayi, mumumve yekha.”

Ndinatenga foni yanga ya m'manja, n'kuigunditsa pa foni ya m'nyumba. Uthenga ndinali nditausunga. Kumbuyo kwake kumamveka magalimoto ndi anthu ambiri akuyenda. Akulankhula mofulumira, ngati munthu wachedwa, ndipo akuseka pang'ono.

“Iwe, wazimitsanso foni? Atitulutsa musiteshoni, akuti magetsi avuta. Usadandaule, ndapeza basi, ndikukwera pompano. Ukafika utulutse nkhuku mufiriji, usaiwale ngati dzulo.”