Mapapaya Ofunda Zitenje

Amalawi a kuno ku Perth akati akupita ku Mulanje, amatanthauza kuseri kwa nyumba ya a Msaiwale ku Armadale. Kuli nthochi, mapapaya asanu, nsungwi, magwafa ndi kanjedza wopitirira denga. Bambo Evaristo Msaiwale ankakonda kuima pakati pake atapisa manja m'matumba, n'kumafotokoza kuti nkhani yagona pa kusankha mbewu zopirira chisanu. Azibambo a kutchalitchi kwathu analemba mayina a mbewuzo m'mafoni, nakagula zomwezo. Pofika Ogasiti, mapapaya awo anali bii ngati awotchedwa. A Msaiwale ankangopukusa mutu, amvekere mwina simunasankhe bwino.

Ine ndimagwira ntchito ndi akazi awo, a Margreth, kunyumba yosamalira okalamba, ndipo m'mawa ndimawatenga pa galimoto. Choncho ndinkaona. Kuyambira Juni, dzuwa likamalowa, a Margreth ankafunditsa zitenje papaya aliyense ndi ana a nthochi, n'kupana ndi mapegi. M'mawa ankavundukula, n'kulowa m'galimoto zala zitauma. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi. Bambowo nsaluzo ankaziona akatsika sitima madzulo pochokera kuntchito, koma ankangodandaula kuti mayi amayanika zochapa pa mitengo yawo.

Chaka chatha mwana wawo Mwawi anapeza mwamuna, Hopewell wa ku Chipata, ndipo anagwirizana kuti chinkhoswe chichitike mu Seputembala m'dimba momwemo. A Margreth ankafuna kupita kumudzi mu Julayi kukaona mayi awo, omwe anali asanawaone kwa zaka zisanu ndi zitatu. Koma dimba likapsa ndi chisanu, alendo adzakhala pati?

Anawatengera amuna awo panja. Anawauza kuti nsungwi, kanjedza ndi magwafa ndi akuluakulu, amagona osafunda, ndipo amene anazisankha ku nazale ndi a Margreth eni ake, bambo ali pa foni.

"Koma mapapaya anuwa ndi makanda, bambo a Mwawi. Zitenje zili m'basiketimu. Poweruka muzikwera sitima yoyambirira."

"Kodi zija si zochapa?" anafunsa bambowo.

A Margreth anandiuza zimenezi tili pa Albany Highway, ndipo ndinachita kuimika galimoto pambali kuti ndiseke bwino.

Sabata yachiwiri a Margreth atapita, mvula inanyowetsa zitenje zonse, kenako kumwamba kunayera, foni n'kunena kuti kugwa chisanu. A Msaiwale anandiimbira ndi mawu apansipansi ngati akulengeza maliro. Anapempha zitenje zouma, n'kuti ndisauze munthu. Ine ndinali nazo zitatu zokha, ndiye ndinangouza Mai Chanda, mnzanga wa kukwaya. Pofika folo koloko, pakhomopo panali magalimoto asanu ndi awiri.

Panabwera zitenje za maukwati, za misonkhano ya amayi, china cholembedwa dzina la mpingo wa ku Ntcheu. Papaya wina tinamumanga ndi duku lomwe. A Msaiwale anali pampando, mapegi ali kukamwa, Mai Chanda akuwafunsa kuti mtundu wopirira chisanu wovala dukuwu dzina lake n'chiyani, akalembe m'foni ya amuna awo. Iwo anangopitiriza kupana zitenje.

Anafa papaya mmodzi yekha, amene bambowo anamukulunga pulasitiki tisanafike. A Margreth atabwera anadzalapo nsungwi, nanena kuti basiketi ija sakuilandiranso.

Pa chinkhoswe dimba linali biriwiri. Amalume a Hopewell anafunsa kuti mapapaya amapulumuka bwanji kuno. A Msaiwale anapisa manja m'matumba.

"Achimwene, nkhani yagona pa kusankha..."

Nthungululu zinawadula pomwepo, amayi tonse tikukupiza zitenje m'mwamba. Anatulutsa manja aja, nakanda m'mutu.

"Afunseni mai a Mwawi. Ine ndimangodziwa za mapegi."

A Margreth sanamve n'komwe. Anali kukhitchini, akutsuka makapu.