Bedi Lopanda Kunsi

A Bizwick Nthondo anabadwa pa 14 Malichi 1962 ku Ntcheu, ndipo ntchito imene anaidziwa asanamere ndevu ndi yodikirira odwala. Kwathu wodwala sagona yekha m'chipatala. Amakhala ndi wachibale, amene timati gadiyani, womuphikira, womuchapira, wogona pansi pafupi naye. A Bizwick anadikirira mayi awo mu 1979, amalume awo mu 1984, apongozi awo kawiri, ndiponso bambo wina wa ku Balaka amene mpaka lero sizikudziwika kuti anali chibale chanji. Ankadziwa mtengo wa mthunzi wabwino pa chipatala chilichonse. Koma luso lawo lenileni linali ili: anamwino akayamba kuthamangitsa agadiyani kuti adokotala ayendere odwala, iwo ankangotsetserekera kunsi kwa bedi, kukokera bulangete m'mbali, zii.

Anafika ku South Bend, tauni ya kutsidya kwa nyanja kufupi ndi Chicago, pa 9 Ogasiti 2008, akazi awo a Joan atapeza malo pa sukulu ya unamwino. A Bizwick analembedwa ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo panapita nthawi asanakhulupirire kuti kudziko kuno munthu amalipidwa chifukwa chosambitsa wodwala.

Mng'ono wawo Lameck, munthu wofatsa wa nthabwala zosaseketsa mwiniwake, anawatsatira mu 2011 kudzaphunzira za makompyuta. Mu 2013 mutu unayamba kumuvuta. Ankamva mawu a anthu osaoneka, ankaopa chakudya, ndipo tsiku lina la Januwale anatuluka opanda nsapato, kuponda sinowo, madzi oundana aja, mpaka ku siteshoni ya sitima za ku Chicago. Zala za kuphazi, zimene zikanaduka ndi kuzizira, zinangopulumukira mkamwa mwa mbuzi. Kuchokera pamenepo a Bizwick anayamba kuyala mkeka pakhomo pa chipinda cha Lameck, poopa kuti nyengo yozizira ikubwerayo idzawalanda mphwawo.

Akamutengera kuchipatala, ankamugoneka masiku owerengeka, kumupatsa mankhwala, basi kumudisichaja.

"Munthu upite kukamugulira shuga wa tiyi, pobwera akuti watuluka!" ankadandaula motero a Bizwick. "Ngakhale malungo sathawa msanga chonchi."

Atamva kuti mu Indianapolis munali chipatala chachikulu cha odwala misala chimene chinatsekedwa mu 1994, a Bizwick anapeza nyimbo. Ankaiimba kutchalitchi, kumaliro, pa chikondwerero cha 6 Julaye, ngakhale pa mzere wogula matemba m'sitolo za mu Lafayette Road. Zipatala zogonekamo anthu nthawi yaitali zitsegulidwenso! Kwathu kuli Zomba, nanga dziko lolemera chonchi lisowe Zomba wake?

Amene ankalimbana nawo ndi Chrissie Mbendera wa ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis, namwino wa odwala a mtundu womwewu.

"Ankolo, mukudziwa chimene anazitsekera? Anthu ankalowa ali anyamata n'kutuluka m'bokosi, popanda ndi mmodzi yemwe wowafunsa kuti mwadzuka bwanji."

"Nanga agadiyani awo ankatani?"

Chrissie anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. A Bizwick sanaseke.

Pa 3 Okutobala 2016 foni inalira. Bedi linapezeka pa chipatala china cha boma ku Indianapolis, chimodzi mwa zochepa zotsala, kumene Chrissie yemweyo ankagwira ntchito. Lameck akakhala miyezi ingapo. Ambulansi inamutenga, ndipo a Bizwick anapita kukapempha tchuthi chachitali kuntchito, n'kuyamba kulongedza m'galimoto: mkeka, bigiri, beseni, fulasiki, mapoto awiri, mbaula.

"Bambo a Tiffany," anatero a Joan, manja ali m'chiuno, "mbaula ikupita kuti? Ndakuuzani kuti kuno salola agadiyani."

"Mayi, mawu amenewo ndawamva chipatala chilichonse kuyambira 1979. Salola, salola, koma mbale amatsuka ndani?"

Loweruka pa 8 Okutobala anadraiva okha mpaka ku Indianapolis. Pakhomo, mlonda anayang'ana mbaula, anayang'ana a Bizwick, n'kuwabweza kuti katundu yense akasiye m'galimoto. Atabwerera anawalanda foni, lamba ndi zingwe za nsapato, n'kuwamata kapepala ka mlendo pachifuwa. A Bizwick sanadandaule. Gadiyani wodziwa ntchito sakangana ndi mlonda tsiku loyamba.

Lameck anamupeza m'chipinda chochezera, atameta, akuonera mpira. Atapatsana moni, a Bizwick anapempha mwaulemu kuti angoona pogona pa mbale wawo. Wantchito wina wachifundo anawatsegulira kuti asuzumire. Anagwada pansi monga mwa ntchito yawo, ndipo mtima unangoti phwii. Bedi linali ngati bokosi, lomatirira pansi mbali zonse. Ngakhale buluzi sakanalowa.

"Bedi lopanda kunsi!" ananong'ona. "Lameck, nanga munthu alowa pati?"

"Salowa, achimwene."

Nthawi ya alendo itatha, ena onse anatsanzika. A Bizwick anamatula kapepala kaja, kukamata kunsi kwa mpando, n'kukhala phee pakati pa odwala. Apa ndi pamene anaona kuti mlonda uja anawathandiza. Nsapato zopanda zingwe, dzanja limodzi litagwira buluku kuti lisagwe, sanasiyane ndi wina aliyense m'chipindamo. Atabweretsa juwisi ndi mabisiketi, nawonso analandira, n'kuthokoza.

Kenaka panabwera mtsikana wowerenga odwala. Anawerenga. Anabwerezanso. Kuchipatala kumeneko anawaphunzitsa chochita munthu akasowa, koma za munthu wotsalira palibe anawauzapo. Anayenda nkhope ndi nkhope mpaka anaima pa a Bizwick, n'kuyamba kuwafunsa m'Chingerezi chofewa, chija amalankhulira munthu amene sakufuna kumudzidzimutsa.

"Bambo, mwabwera liti?"

"Lero lomwe, mwana wanga."

"Ndipo mukuganiza kuti mukhala mpaka liti?"

"Mpaka Epulo, Mulungu akalola."

"Muzigona kuti?"

"Ndimafuna kunsi kwa bedi, koma mwatsekako. Ndiye mungondionetsa poyatsira moto, zina ndiona ndekha."

Atangotchula moto, mtsikanayo anadina kabatani. Panafika amuna awiri a matupi ngati mafiriji, akumwetulira kumwetulira kosafika m'maso. Mwamwayi, pambuyo pawo panali Chrissie, akungoyamba shifiti, chikwama chili paphewa.

"Ankolo! Mukutani muno?"

"Ndikudikirira wodwala, mayi. Iwe ndiwe wa kwathu, auze anzakowa."

"Ndiwauze chiyani? Mukudziwa kuti akufuna akuadimiteni?"

A Bizwick anaganiza kaye. "Bedi lake lingakhale pafupi ndi la Lameck?"

Chrissie anagwira pakamwa. Mmodzi wa mafiriji aja anatembenukira kwa Lameck n'kumufunsa ngati bambowa akuwadziwa.

"Ndikuwadziwa," anayankha Lameck. "Awa ndiye odwala kwambiri kwathu, koma sanapezeke nawo matenda."

Kenaka anasendera pafupi ndi mkulu wake n'kutsitsa mawu.

"Achimwene, zaka zitatu mwagona pakhomo panga. Sindinyoza ayi. Koma mawu a m'mutu mwangamu mankhwala ayamba kuwachepetsa. Mkonono wanu ulibe mankhwala. Kuno ndi koyamba kugona mpaka kucha."

"Iwe, ine ndimaliza mkonono?"

"Funsani alamu anga. Pitani kunyumba, bwererani kuntchito asanalembe wina. Koma Loweruka mubwere. Mukadzangojomba, ndidzadziwa kuti zimene amanena Chrissie zija, za anthu oiwalika, zayamba ndi ine."

A Bizwick anaimirira. Anakweza manja onse awiri kuti amukumbatire mphwawo, ndipo buluku linachita zimene linkafuna kuchita kuyambira masana.

Anawaperekeza mpaka pakhomo, kuwabwezera lamba, ndipo Chrissie anasaina kuti munthuyu ndi wabwinobwino, ngakhale mpaka lero amati anasaina akukayika.

Loweruka lotsatira anabwera, ndipo sanajombepo. Ankafika nthawi ya alendo isanakwane, ndiye anasankha mtengo wina kumapeto kwa poimika magalimoto, kuyala mkeka, kutsegula fulasiki. Mayi wina wa ku Mexico amene mwana wake anali m'katimo anayamba kukhala nawo, kenaka mkulu wina woyendetsa mathiraki. Kutazizira, msonkhanowo unasamukira m'galimoto ya a Bizwick. Mbaula sinayatsidwepo, koma sinatsitsidwenso.

Nyimbo yawo ija inasintha pang'ono. Akafunsidwa za zipatalazo, ankati zitsegulidwe ndithu, koma khomo lake lizitsegukira mbali zonse, ndipo asanamange khoma ayambe adzala mitengo ya agadiyani. Chrissie ankati theka la mawuwo ndi nzeru, osanena kuti theka liti.

Lameck anatuluka pa 21 Epulo 2017, zala zake zonse zili khumi kuphazi. Anapeza chipinda ku Beech Grove, m'nyumba yokhala anthu anayi yoyenderedwa ndi anamwino, ndiponso ganyu yokonza mafoni. Tsiku losamukira, a Bizwick analowa m'chipindamo, mkeka uli kukhwapa, akuti angoona ngati pawindo sipalowa mphepo. Anazungulira, anagogoda khoma, kenaka anagwada n'kusuzumira.

Bedi linali la bokosi, lomatirira pansi mbali zonse.

"Ndinasankha ndekha, achimwene," anatero Lameck. "Tiyi mumwa?"