Solomoni ndi Mivi Inayi

Tsiku limene Solomoni anachotsedwa m'kwaya, sanalakwitse nyimbo. Analakwitsa mapazi. Anzake onse akasunthira kumanja, iye ankalowera kumanzere, ndipo Lachitatu limenelo anaponda chala cha a Getrude, mtsogoleri wa kwaya ya mpingo wawo ku Sinda.

"Iwe Solomoni, mawu uli nawo, koma miyendo yakoyi imamvera nyimbo ya mpingo wina," anatero a Getrude uku akutsimphina. "Ku msonkhano wa makwaya udzapita, koma kukasunga zikwama."

Mayeso a giredi naini anali atamukana kale. Ntchito yake inali youmba njerwa, kuponda matope kuyambira m'mawa. Ku kwaya kokha ndi kumene ankadziona ngati munthu, ndiye nakonso kwamutaya.

Loweruka lina anapita ku Katete kukagula khasu. Pafupi ndi msika anamva chiphokoso m'shopu ya a Dominic, nasuzumira. Munali makina ovinira, akale kuposa ena mwa ovinawo. A Dominic ankati makinawo anabadwira kutsidya kwa nyanja, anakalambira ku Lusaka, ku Katete anangobwera kudzapuma.

Pansi pake panali mivi inayi: wakutsogolo, wakumbuyo, wakumanzere ndi wakumanja. Nyimbo ikayamba, mivi ina inkakwera pagalasi, ndipo muvi ukafika pamwamba, wovina ankayenera kuponda mnzake wapansi nthawi yomweyo. Ukaphonya kambiri, makinawo ankadula nyimbo osapepesa.

Solomoni anayang'anitsitsa miviyo. Chibadwire, anthu ankangomuuza kuti walakwitsa. Palibe anamuonetsapo poponda.

Anavula nsapato, naziika bwinobwino pambali, monga amachitira munthu pofika pamphasa ya eni ake. Kenaka anawerama pang'ono.

"Odi," anatero kwa makinawo.

Shopu yonse inafa nacho chiseko.

"Achimwene, kuno si kwa apongozi!" anakuwa a Dominic. "Pondani, sakwiya amenewo!"

Makinawo anakwiya ndithu. Nyimbo inadulidwa thukuta lisanatuluke n'komwe.

Koma Solomoni sanachoke. Anaima kumbuyo kwa ovina, maso pagalasi, milomo ikugwedera, mpaka ndondomeko ya mivi ya nyimbo imodzi inakhazikika m'mutu.

Atafika kwawo anazika timitengo tinayi kuzungulira dzenje la matope. Kuyambira tsiku limenelo sankapondanso matope chisawawa. Kumanzere, kumanzere, kutsogolo, kumanja, akuimba yekha. Odutsa ankaima n'kufunsa ngati linthumbu lamulowa m'kabudula. Ankagwa chagada, n'kudzuka. Matope anapondeka mpaka kusalala ngati phala, moti njerwa zake zinatchuka, koma iye za njerwa sankazimva n'komwe.

Patapita miyezi iwiri anabwerera kwa a Dominic. Nsapato anavulabe. Miyendo yozolowera kuzuka m'matope inapepuka ngati ya mbalame, ndipo nyimbo inatha yonse, muvi uliwonse utapondedwa. Aja ankaseka anayamba kuvula nsapato zawo, poganiza kuti chinsinsi chili pamenepo.

Lachitatu lotsatira anafika ku kwaya ndi khala m'thumba.

"Amayi, ndiyeseniko kamodzi kokha."

"Dikira ndibise zala kaye," anayankha a Getrude, nabwerera m'mbuyo.

Solomoni anajambula mivi inayi pansi ndi khala lija, naima pakati. Dzanja la a Getrude analitenga ngati muvi wa pagalasi: likaloza uku, phazi lafika kale. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri, yachitatu. Palibe chala chinalira.

A Getrude anatsokomola.

"Zikwama tipeza wina. Ima kutsogolo."

Ku msonkhano kuja Solomoni anaimba pamzere woyamba, mapazi akuyenda limodzi ndi a anzake. Lero aliyense wolowa kumene m'kwaya imeneyo amayamba wajambuliridwa mivi yake. Ena akuti anaionanso mivi inayi kuseri kwa khitchini ya a Getrude. Eni ake akuti ndi nkhuku zinapalasa.

Inu amene mwauzidwa kuti muzisunga zikwama, mwina si kuti simungathe. Mwina palibe anakuonetsani poponda. Pezani mivi yanu, ngakhale m'matope, ndipo mukagwa dzukani mupondenso. Osataya mtima, nyimbo sinathe.