Tsiku limene mpanda unafika pasukulu pathu

Ndikukumbukira kuti linali Lachinayi, nthawi ili teni koloko m'mawa. Nthawiyo ndikuidziwa bwino chifukwa chitsulo cha tiyi chinali chitangolira kumene, ndipo amuna onse amene ankakumba maenje anasiya makasu ndi mapiki pansi n'kupita. Ine ndinali m'kalasi, pabenchi ya pafupi ndi zenera, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Panja panatsala munthu mmodzi yekha, atagwira chingwe ndi chikhomo. Munthuyo anali bambo anga.

Tinkakhala ku Paki, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, kumene mphepo ya mu Juni imang'amba milomo. Kampani ina inatenga chigwa chonse n'kumangamo malo oti anthu a m'tauni azibwera kudzasangalala. Munali damu la mabwato, akatungwe a unyolo, apusi m'khola la waya, ndi akavalo a matabwa amene ankazungulira injini ikalira. Loweruka kunkabwera mabasi odzaza ana ovala nsapato zoyera. Ife ana a antchito tinkakhala kumalayini, kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Zathu zinali nyimbo ndi fungo la tchipisi ndi dizilo, mphepo ikalozera kwathu.

Mkati mwa mpanda wa chigwacho, kampani ndiyo inali boma. Msewu unali wake, mpopi wake, alonda ake, ngakhale milandu inkathera kuofesi kwake. Mbuzi zinali zoletsedwa, mowa woletsedwa, chimanga cha kuseri kwa nyumba choletsedwa, poti akuti chimanyansitsa malo. Woledzera ankamutsekera m'chipinda chosungiramo penti mpaka mutu uwongoke. Bambo wina anatulukamo mbali imodzi ili yobiriwira kuyambira kukhutu mpaka kuphazi, ndipo dzina loti a Girini silinawachokenso.

Sukulu nayonso inali ya kampani. Chinali chipinda chimodzi chachitali cha malata, ndipo a Madamu Nankhoma ankaphunzitsamo makalasi anayi nthawi imodzi, ena atayang'ana kum'mawa, ena kumadzulo. Ine ndinali Sitandade 4. Kuwerenga chamumtima ndinkatha bwino, koma akandiimika kuti ndiwerenge mokweza, mawu ankandithawira kukhosi. A Madamu sankandikakamiza. Ankangondipatsa buku lina loti ndipite nalo kunyumba.

Milungu iwiri lisanafike Lachinayi limenelo, kunabwera magalimoto a kuboma. Tonse anatiitanira pabwalo, ndipo bambo wa tayi anawerenga kalata. Anati kuyambira tsikulo malo athu ali m'manja mwa boma ngati mudzi wina uliwonse. Kampani izichita malonda ake, koma kuweruza anthu, msewu ndi zamalayini si zakenso. Amayi anaimba nthungululu. Mayi anga, amene pamsonkhano sankatsegula pakamwa, anamanga chitenje chawo cha kutchalitchi n'kuvina mpaka fumbi koboo. Madzulo ake anthu anayamba kale kukambirana za mbuzi. Bwana manijala naye anawomba m'manja, akumwetulira, mpaka anagawira alendowo zakumwa zozizira. Anthu anati wailandira bwino nkhaniyo.

Kenako Lolemba lina kunabwera lole yodzaza waya wa minga ndi mitengo yonunkha phula. Kapitawo anasonkhanitsa amuna n'kuwauza mawu a kampani. Akuti cha boma n'cha boma, cha kampani n'cha kampani, ndiye zisasakanikirane. Mpanda wakale unkazungulira chigwa chonse pamodzi ndi ife. Watsopanowu uzungulira za kampani zokha. Ndipo omanga anali iwo omwe, abambo athu. Ankadzuka m'mawa, kumwa phala, n'kupita kukakumba maenje oti atsekere nyumba zawo kunja. Pofika Lachitatu malayini anali atatsala kunja, mpopi uli mkati.

Ntchito yokoka chingwe anaipereka kwa bambo anga, chifukwa cha diso lawo. Asanabwere ku Paki ankalima fodya ku Madisi, ndipo mizere yawo anthu ankaima panjira kuti aione. Ngakhale chingwe choyanikira zovala pakhomo pathu sichinkaloledwa kupendekeka. Kapitawo anawauza kuti chigawo chotsala chichoke pamkuyu, chilunjike pakona pa thanki ya madzi. Sukulu yathu inali pakati pomwepo. Chingwe chikawongoka, sukulu itsala mkati. Chikakhota pang'ono, ngati mapazi khumi, itsala kunja ndi ife.

M'mawa wa Lachinayilo mayi anawayambitsa nkhaniyo bambo akudya mbatata. Ndinkamva ndikupukuta mapazi kuseri kwa chitseko. Mayi anati kapitawo nthawi ya tiyi sakhalapo, ndipo bwana manijala phazi lake silinapondepo kumeneko. Maenje akakumbidwa, mitengo ikalowa, ndani angazulenso? Bambo anangoti ngakhale tchire lili ndi maso.

"A Phiri, chingwe sichilankhula," anatero mayi. "Chikhotetseni pang'ono, mwanayu aphunzire."

"Mpanda ukakhota, woyamba kufunsidwa ndine," bambo anayankha. "Akandichotsa mudya waya?"

Anasamba m'manja n'kunyamuka, mbatata ina itatsala m'mbale.

Ndiye chitsulo chitalira, ine maso anali pazenera. A Madamu ankalemba masamu pabolodi, choko chikulira, koma palibe amene ankakopera. Bambo anamanga chingwe pamkuyu, n'kuyamba kuyenda chambuyo. Atafika pafupi ndi sukulu anaima. Anayang'ana kumene kapitawo analowera. Kenako anapatuka, kulowera mbali ya akavalo, mbali yoti sukulu itsale kwathu. Ndinawerenga mapazi awo, ndinafika pa asanu ndi atatu. Anagwada, n'kuika chikhomo pansi, n'kutsinzina diso limodzi monga ankachitira nthawi zonse. Anakhala choncho nthawi yaitali, chipewa chili pabondo.

Chikhomocho sanachikhome. Anadzuka, n'kubwerera mapazi omwe aja, n'kudutsa pansi pa zenera langa osayang'ana m'mwamba. Ndinamva fungo la thukuta ndi phula. Anakoka chingwe mpaka chinalira, n'kukhoma chikhomo pamalo pake. Hamala inalira kanayi. Mtsikana wina wa Sitandade 2 anafunsa mokweza ngati tsopano tizigona kusukulu konko, ndipo ena anaseka. A Madamu anaika choko pansi n'kupukuta m'manja pa siketi.

Amuna atabwera ku tiyi, anakumba motsata chingwe. Masana kapitawo analowa m'kalasi chipewa chili m'manja, n'kulankhula ndi a Madamu motsitsa mawu. A Madamu anatiuza kuti aliyense atenge makope ake, koma mabuku atsale, poti ndi a kampani. Langa linali m'jumbo, ndinali nditafika pakati. Ndinaliika pamulu pamodzi ndi enawo. Anatiuzanso kuti boma litumiza mphunzitsi ndipo litimangira sukulu, tingodikira pang'ono. Ponena zimenezi ankayang'ana kudenga.

Njira yathu ya masiku onse inali itadzaza maenje ndi waya, ndiye anatitulutsira kugeti lalikulu, la alendo. Aka kanali koyamba kudutsa pakati pa Paki. Tinayenda pamzere, a Madamu patsogolo, mlonda pambuyo. Akavalo aja chapafupi anali okalamba, penti itasupuka, wina alibe khutu. Ndinamukhudza pamphuno ndikudutsa. Anali wotentha ndi dzuwa. Pageti a Madamu anatigwira chanza mmodzimmodzi ngati akuluakulu, ndipo tinazungulira kunja kwa mpanda mpaka kumalayini, ulendo woti kale unali wongodumpha ngalande.

Madzulo amenewo mayi anawaikira bambo madzi osamba ndi chakudya monga mwa masiku onse, koma sanawalankhule. Sanawalankhule bwinobwino mpaka mvula inagwa. Mbuzi tinagula ndithu, ziwiri, ndipo ine ndi amene ndinkazidyetsa. Sukulu ya boma inali kuseri kwa phiri, kuwoloka mitsinje iwiri. Anyamata akuluakulu ankapita. Ine ndinayesa temu imodzi, madzi atadzaza ndinaleka, ndipo sindinabwererenso. Sukulu yatsopano inadzamangidwa ndithu pafupi ndi malayini, koma nthawi imeneyo n'kuti ndili ndi mwana kumbuyo.

Lero Paki kulibe. Mabasi analeka kubwera, damu linadzaza bango, ndipo m'kalasi mwathu muja munthu wina amasungiramo fodya. Waya anthu anamasula n'kumangira makola. Yatsala ndi mitengo yokha, yakuda, itaima pamzere m'munda mwa chimanga. Tsopano ndakula, ndikudziwa kuti mwina mapazi khumi aja sakanasintha kanthu. Kampani ikanazula mpandawo, kapena kusasula malata, ndipo bambo akanachotsedwa ntchito. Izi ndimadziuza ndekha. Mayi sanavomerepo mpaka bambo anamwalira, ndipo ine masiku ena ndimakhala mbali ya mayi, makamaka ndikafika kusikelo n'kupatsidwa pepala loti ndilembe anthu akundiyang'ana.

Lachisanu, m'mawa mwa tsiku lotsatira Lachinayi lija, ndinadzuka monga mwa nthawi zonse. Palibe anandiuza kuti ndisavale yunifolomu, ndiye ndinavala, n'kutenga jumbo ya makope, n'kutsika njira yathu ija. Mame anali ozizira. Waya anali atakokedwa kale, mizere isanu, ndipo bambo anali tsidya linalo akukhoma misomali. Pachitseko cha sukulu panali loko watsopano wonyezimira. Atandiona anasiya hamala. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuponda waya wa pansi ndi phazi, n'kukweza wa pamwamba pake ndi dzanja, minga ikuwabaya.

"Lowa, mama," anatero. "Ukangosuzumira pazenera."

Ndinayang'ana mpatawo, ndinayang'ana dzanja lawo likuyamba kutuluka magazi. Ndinangopukusa mutu. Anagwirabe wayayo ine nditatembenuka, ndipo sindikudziwa kuti anausiya nthawi yanji. Nditafika kunyumba ndinavula yunifolomu, n'kuipinda, n'kutenga ndowa yaing'ono. Mayi anali atafika kale kumunsi kwa phiri, panjira ya kumtsinje, ndipo ndinathamanga kuti ndiwapeze.