Timizukwa ta pa Keke

Tikukhala ku Barking, kutsidya kwa nyanja, mwana wanga wamkazi anandikakamiza kuti ndimuphikire keke yopita nayo kusukulu pa Halowini, chikondwerero cha kumeneko chomwe ana amavala ngati mizukwa. Nditaweruka kosamalira okalamba, ndinatakasa ndi foloko zoyera za mazira zothira shuga mpaka mkono kuwawa. Ndinaumba timizukwa toyera, n'kutiumitsa mu uvuni, n'kutidonthezera maso a chokoleti.

Ndikutikhazika pa keke, anatulukira amayi ena a kutchalitchi kwathu, a ku Dedza ngati ine. Anangoima pakhomo la khitchini.

"Zimenezi mwayamba liti, mayi?"

Tiyi anakana. Lamlungu anandipempherera pagulu osanditchula dzina, koma maso onse anali pa ine.

Kusukulu kekeyo inatha yonse. Koma kwa zaka zitatu, mpunga wanga pa zikondwerero za mpingo unkabwerera wosakhudzidwa, chifukwa cha mazira ndi shuga basi.