Katebulo ka Laputopu ka Bambo Yosiya

Bambo Yosiya Chadza a ku Mufakose, mumzinda wa Harare, sankakhulupirira chinthu chimene sanachiyeze okha. Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi ku Workington, m'fakitale yowotcherera zitsulo, ndipo tsiku lopuma pantchito anatuluka pageti ndi msana wopweteka komanso rula yachitsulo m'thumba la malaya. Rula imeneyi inayeza zitseko za anansi, mabenchi a kutchalitchi, ngakhale bokosi la malemu akazi awo, limene anati linali lopendekeka pang'ono chakumiyendo. Ana a mumsewu wawo ankawatcha m'Chishona kuti Sekuru Milimita, kutanthauza Agogo Milimita, ndipo iwo ankavomera bwinobwino.

Kwawo kunali ku Linthipe, m'boma la Dedza. Anachokako ali mnyamata, atauza mlongo wawo Effie kuti abwerera akangogula njinga. Njinga anagula zitatu pa moyo wawo, zonse zinathera m'misewu ya Harare. Pamene Effie ankamwalira zaka ziwiri zapitazo, pasipoti yawo inali itatha kale ntchito, ndipo chiuno chinali chitawagoneka pabedi chitererekereni m'bafa. Maliro a mlongo wawo anawamvera pafoni. Sankaikamba nkhaniyi, koma inkawadya mumtima tsiku ndi tsiku.

Ndiye mu Julayi foni inalira. Anali Lilly, mwana womaliza wa Effie. Anali atapeza banja, ndipo chinkhoswe chinali mu Ogasiti.

"Malume, mwatsala ndinu nokha," anatero Lilly. "Mudzakhala nafe pavidiyo. Tambala wa kuchimuna mudzalandira ndinu, apo ayi ine sindikwatiwa."

Pachinkhoswe a kuchimuna amapereka tambala kwa malume a mkazi, ndipo akangomulandira ndiye kuti banja lavomerezedwa. Bambo Yosiya anayankha kuti palibe chovuta, ngati kuti Linthipe inali kuseri kwa mashopu. Foni itadulidwa anakhala nthawi yaitali akuyang'ana miyendo yawo pansi pa bulangete. Kumudzi ankadziwa kuti nkhalamba ili ndi kanyamakazi chabe. Zoti sidzuka pabedi panalibe amene anauzidwa.

Mwana wawo Annet, amene ankakhala nawo, ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Graniteside ndipo anali ndi laputopu. Annet anabadwira ku Harare, Chishona chinkatuluka ngati madzi, koma Chichewa chake chinkayenda motsimphina. Bambo ake anali atataya kale chiyembekezo choti mwanayu angamvetse za mwambo. Lamlungu masana anayeserera. Annet anawasanjikira laputopu pamiyendo, pamwamba pa bulangete, ndipo pagalasi panaoneka mphuno ziwiri ndi denga. Patangopita kanthawi makinawo anatentha ngati simbi n'kuzima okha, poti bulangete linali litatseka timabowo topumira.

"Aiwa, Baba, mungoinyamula ndi dzanja limodzi," anatero Annet.

"Dzanja limodzi? Linalo ndilandirire tambala, ngati ndikulandira tikiti ya basi? Iwe mwana! Munthu wamkulu amalandira ndi manja awiri, n'kuwomba m'manja. Ndiponso malume sapereka mbumba ali chogona."

Anayeza kuchokera pamatiresi kufika pamaso pawo atatsamira khoma, n'kulemba nambalayo kuseri kwa katoni ya mankhwala. Pansi pake analemba zimene ankafuna: kamera ilingane ndi maso, manja onse akhale omasuka, mpweya uzidutsa kunsi, ndipo chinthucho chisagwedezeke.

Annet anayamba kuzungulira m'tauni akaweruka. Choyamba chimene anabwera nacho chinali kathabwa kokhala ndi khushoni kunsi, koika pamiyendo. Bambo Yosiya anakatembenuza kawiri n'kunena kuti uwu ndi mtsamiro wovala thabwa. Akapuma mpweya laputopu inkakwera, akautulutsa inkatsika, moti anthu a ku Linthipe akanachita chizungulire. Chachiwiri anabwereka kwa mnzake wa kuntchito, chachitsulo chopepuka, cha miyendo yopindika paliponse ngati chiwala. Ichi chinawasangalatsako, chifukwa chinali ndi mabowo olowera mpweya ndipo chinkakwera kufika pamaso. Koma rula inati mwendo wakumanzere ndi wautali ndi mamilimita atatu, ndipo atawomba m'manja matiresi anagwedezeka, laputopu n'kuwerama ngati ikufuna kuwapsompsona pamimba.

Chachitatu chinabwera pangolo yokankha, kuchokera kwa munthu wina wogulitsa katundu wakale ku Mbare. Kanali katebulo ka mwendo umodzi, ka timatayala tolowa kunsi kwa bedi, thabwa lake n'kudutsa pamwamba pa munthu. Kankaima pansi, osati pamatiresi. Bambo Yosiya atangokaona, nkhope inasintha.

"Chotsa. Ichi n'cha kuchipatala. Amayi ako ankadyera pachinthu chotere masiku awo omaliza. Ine si wodwala."

Annet anali atatopa, ndipo mtima unamuthawa. "Baba, ndinu wodwala! Ndimakusambitsani ndine. Mukufuna Lilly akwatiwe, kapena mukufuna anthu aziti Sekuru akadali amphamvu?"

Anatuluka n'kukasiya pomwepo. Masiku awiri nkhalamba inkayang'ana kukhoma, osakaponyera diso n'komwe. Inali itakwiya, ndipo chinaikwiyitsa kwambiri n'choti mwanayo ananena zoona. Tsiku lachitatu, Annet ali kuntchito, inakakoka ndi ndodo. Inamasula chomangira, n'kukweza thabwa pang'onopang'ono mpaka linafika pa nambala ya pakatoni ija. Inayeza mbali zonse zinayi. Inawomba m'manja katatu, mwamphamvu, katebulo osasuntha. Rula imeneyi sinawanamizepo zaka zonsezi, ndipo sakanayamba kukangana nayo atakalamba.

Madzulo anangoti, "Uike timatabwa tiwiri kunsi kwa makinawo kuti azipuma. Ndipo ukatenge chitenje chija anatumiza azakhali ako Effie, uphimbe mitsamiroyi."

Tsiku la chinkhoswe anavala jekete ndi tayi, kumunsi ali ndi thalauza logonera. Kuyambira m'mawa ankadandaula kuti tambala wa anansi akusokosa pafupi ndi zenera. Nthawi itakwana, galasi linawala ndipo Linthipe inalowa m'chipinda. Anaona bwalo losesedwa bwino, fumbi la Ogasiti, amayi atakhala pamphasa, ndipo kumbuyo kwawo kunali phiri lija, lomwe lija, losasintha ngakhale pang'ono. Anaona nyumba ya malata imene Effie ankaikamba m'makalata. Anaona Lilly, amene anali ndi chipumi cha amayi ake. Analakalaka kwawo kuposa mmene analakalakirapo pa zaka makumi asanu zonsezo.

Analankhula bwino, maso ali molunjika, ngati munthu wokhala pampando. Anapereka moni kwa a kuchimuna, anatchula mayina a makolo, anawomba m'manja, ndipo nthungululu zinamveka mpaka pakhonde la anansi. Kenako malume a mwamuna anabwera ndi tambala, n'kugwada patsogolo pa foni.

"Bambo Chadza, landirani."

Bambo Yosiya anatambasula manja onse awiri, mbali iyi ndi iyo ya laputopu. Manjawo anangotsala m'malere. Anali atayeza chilichonse, koma sanaganizepo zoti tambala sangadutse pagalasi. Ku Linthipe munthu uja anali akadali chigwadire. Manyazi anawagwira.

Chitseko chinatseguka. Annet analowa atamanga chitenje, n'kugwada pambali pa bedi. M'manja mwake munali tambala wofiira womangidwa miyendo, yemwe uja ankasokosa pazenera. Analankhula mawu amodziamodzi, Chichewa chowongoka chimene ayenera kuti anachiyeserera sabata yonse.

"Landirani, malume a Lilly. Wachokera kuchimuna."

Tambalayo anali wofunda, mtima wake ukugunda m'zikhatho zawo. Anamukweza kufika pakamera kuti onse aone, ndipo bwalo lonse la ku Linthipe linaphulika ndi nthungululu. Tambala anakupiza mapiko n'kumenya katebulo, koma katebulo sikanagwedezeke. Misozi inatsikira patayi, ndipo analibe dzanja loipukutira.

"Talandira," anatero. Kenako anayang'ana nyumba ya malata ija kumbuyo kwa Lilly n'kunena motsitsa mawu, "Effie, ndabwera mochedwa, mlongo wanga. Koma mwana wako ndamupereka ndine."